Geni yokaoda kunja ndi malonjezo a shado: yankho kwa achemwali ofuna kuyamba

Achemwali, mwafunsa zinthu ziwiri pakamodzi. Mukufuna kudziwa mmene geni yokaoda katundu kunja imayendera, komanso ngati muyambe pano kapena mudikire kaye, popeza a shado a kwanuko alonjeza pamsonkhano kuti akangolowa m'Nyumba ya Malamulo achotsa msonkho wa pachipata kwa ochita malonda ang'onoang'ono, apezera amayi ngongole zosavuta, ndipo atseka katundu wakunja amene akupha malonda a m'dziko muno. Ndiyamba ndi ulendo weniweniwo, chifukwa mukaudziwa bwino mudzayeza nokha lonjezo lililonse.

Njira zikuluzikulu ndi zitatu. Ya kumpoto imadutsa pa Songwe, ku Karonga, nkulowa Tanzania pa Kasumulu. Ena amathera ku Kyela kapena Mbeya, ena amapitirira mpaka ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam kukatenga zitenje, nsapato, zikwama ndi ziwiya. Ya kuzambwe ndi ya pa Mchinji, tsidya linalo ndi Mwami, kenako Chipata ndi Lusaka. Boda ya Mchinji ndi Mwami inaphatikizidwa mu 2022, moti maofesi a mayiko onse awiri mumathana nawo malo amodzi. Ya kumwera ndiye yotopetsa: Mwanza, Zobue, Tete, Cuchamano, Nyamapanda, Harare, Beitbridge mpaka Johannesburg, kapena kutulukira pa Dedza. Munthu woyamba kumene asathamangire ya kumwerayi. Malire ndi atatu, masiku ndi ambiri, ndipo chakudya ndi pogona zimadya mpamba katundu asanagulidwe nkomwe.

Mapepala a inu mwini ndi osavuta: pasipoti yosatha msanga, kabuku kachikasu ka katemera, ndi nambala ya msonkho ya ku MRA, ija amati TPIN. Ku South Africa Mmalawi amapatsidwa masiku 30. Mukapyola ngakhale pang'ono mumaletsedwa kulowanso kwa nthawi, geni nkuima.

Tsopano nkhani imene imapha anthu ambiri, ndalama zakunja. Wogulitsa wa ku Kariakoo safuna kwacha, amafuna mashilingi kapena madola. Wa ku Johannesburg amafuna marandi. Kubanki mtengo wa dola ndi wotsika, koma madolawo kupezeka kwake nkovuta, ndipo wageni wamng'ono ndiye amakhala kumapeto kwa mzere. Ndiye ambiri amagwa m'manja mwa anyamata osintha ndalama pa boda, pamtengo wokwera kutalitali. Pamenepo pali misampha iwiri. Woyamba, kusintha kwa mtundu umenewu nkoletsedwa ndi lamulo, mukagwidwa ndalama zimalandidwa. Wachiwiri ndi chinyengo: amakuwerengerani mtolo inu mukuona, amaulandiranso ati awerengenso, ukamabwerera m'manja mwanu pakati pachepa. Ndalama yomwe mwaiwerenga komaliza isachokenso m'dzanja lanu.

Chachikulu koposa ndi ichi. Mtengo wogulitsira musauwerengere pa ndalama imene munagulira katundu, muuwerengere pa imene mudzagulire ulendo wotsatira. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, inatsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anali atangomaliza kugulitsa pamtengo wakale anatsala ndi makwacha ambiri m'thumba, koma osakwanira kugula katundu wofanana ndi uja anagulitsayo. Pabuku panaoneka phindu, pashelefu katundu anachepa. Nchifukwa chake katundu woyenda msanga, wa phindu lochepa, amaposa wa phindu lalikulu wokhala miyezi itatu. Ndipo ngongole kwa makasitomala, ija ya "ndidzapereka pakutha pa mwezi", muichepetse kwambiri.

Mukafika pachipata pobwerera, katundu amatsitsidwa, mumalemba zimene mwanyamula, ofisala wa MRA amaona, nkuwerengera msonkho. Katundu akachuluka mumadutsira kwa ejenti wolambula, amene amalowetsa zonse mu kompyuta ya kasitomu, nayenso amafuna yake. Msonkho sauwerengera pa mtengo wogulira wokha ayi. Amaphatikizapo ndalama yonyamulira ndi inshuwalansi, kenako misonkho imakwerana pamsana. Tiyerekeze kuti zonse pamodzi zakwana K1,000,000, ndipo katunduyo ali m'gulu la 25 peresenti, momwe muli zinthu zambiri zopangidwa kale monga zovala. Msonkho wolowetsera ndi K250,000. VAT amaiwerengera pa K1,250,000, osati pa miliyoni ija. Pa mlingo wa 16.5 peresenti, umene unagwira ntchito zaka zambiri, imeneyo ndi K206,250. Zonse pamodzi K456,250. Pakakhala katundu wa excise, monga zodzoladzola zina ndi zakumwa, msonkho wapaderawu umalowa pakatipo VAT isanawerengedwe. Milingo imasintha ndi bajeti, choncho funsani ya chaka chimenecho musananyamuke, osati mutafika ndi katundu pakauntala.

Malisiti asungeni ngati mwana wakhanda. Akhale ndi dzina la sitolo, tsiku, mtundu wa katundu, kuchuluka kwake ndi mtengo wa chimodzichimodzi. Ena amapempha wogulitsa kuti alembe mtengo wotsika. Maofisala amaona zitenje ndi nsapato zomwezo tsiku lililonse, mitengo amaidziwa. Akakana lisiti lanu amaika mtengo wawo, mwina nkuwonjezapo chindapusa, basi nkukusiyani pa boda.

Pali chinthu chimene anthu ambiri amasokoneza: kumene mwagula katundu si kumene anapangidwa. Malawi ali m'mabungwe a COMESA ndi SADC, ndipo katundu wambiri wopangidwa m'mayiko a mabungwe amenewa amalowa popanda msonkho wolowetsera kapena ndi wochepa, bola pakhale satifiketi yotsimikiza kwawo kwa katunduyo. Koma nsapato yopangidwa ku China, ngakhale mwaigula ku Lusaka kapena ku Johannesburg, ndi ya ku China basi, ilipira zonse. Tembenuzani katoni muwerenge pamene palembedwa dziko lopanga musanatulutse ndalama. M'chitsanzo chija, katundu akakhala woyenera kukhululukidwa, mumangolipira VAT ya K165,000 m'malo mwa K456,250. Kusiyana kumeneku ndiye phindu lonse la ulendo.

Apa ndi pamene lonjezo loyamba la a shado liyenera kufunsidwa bwino, chifukwa njira yochotsera wageni wamng'ono msonkho ilipo kale. Kuyambira 2010 Malawi, Zambia ndi Zimbabwe akhala akugwiritsa ntchito ndondomeko ya COMESA yotchedwa Simplified Trade Regime, mwachidule STR. Katundu akhale wopangidwa kapena wolimidwa m'dziko linalo, akhale pa mndandanda umene mayiko awiriwo anagwirizana, ndipo mtengo wake usapitirire malire a ulendo umodzi. Malire amene COMESA inakhazikitsa ndi madola 2,000, ngakhale dziko limatha kukweza lokha. Fomu ndi yaifupi, satifiketi imapezeka pachipata pomwepo, ejenti safunika, ndipo pa Mchinji pali desiki ya ofisala wothandiza ageni kulemba. STR sichotsa VAT kapena excise, komanso sichotsa ziphaso za zaumoyo ndi zaulimi. Tanzania ndi Mozambique sali mu COMESA, choncho za pa Songwe, Dedza ndi Mwanza muzifunse padera.

Ndiye munthu wonena kuti achotsa msonkho mumufunse kuti msonkho wake uti. Akayankha kuti akamenyera kuti mndandanda wa STR ukule, malire akwere, ndipo pachipata chilichonse pakhale desiki yogwira ntchito, ameneyo nkhaniyi akuidziwa. Akati wonse, sanawerenge. Phungu payekha sangasinthe msonkho. Gawo 57 la malamulo aakulu a dziko limaletsa Nyumba ya Malamulo kukambirana bilu yokhazikitsa kapena kusintha msonkho popanda chivomerezo cha nduna ya zachuma. Misonkho imasintha kudzera mu bajeti, chaka cha boma chimayamba pa 1 Epulo, ndipo bajeti isanalembedwe nduna imayenda kumva maganizo a anthu ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Chimene phungu angathe ndi kufunsa nduna mafunso, kulowa m'komiti yoona za malonda kapena ya bajeti, kuitanitsa a MRA kuti adzafotokoze madandaulo a pachipata, ndi kunyamula mawu a bungwe la ageni odutsa m'malire. Zimenezi sizochepa ayi, koma si zija zimanenedwa pamsonkhano. Ndipo vuto la madola, limene limadya phindu kuposa msonkho, lili m'manja mwa Reserve Bank ndi kuchuluka kwa zimene dziko limagulitsa kunja. Wandale amene sakulitchula nkomwe wadumpha chilonda chenicheni.

Lonjezo lotseka katundu wakunja ndi lokoma m'khutu, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake. Zimawawa kuona mbatata ndi tomato wakunja ali mbwee m'masitolo pamene mlimi wa ku Dedza ndi ku Ntcheu akusowa msika. Koma inu dziwani kuti katundu wakunjayo ndi amene mukufuna kukaoda. Komanso chipata chimatsekeka mbali zonse. Mu Malichi 2025 unduna wa zamalonda unaletsa kuitanitsa zinthu zingapo monga ufa, mpunga, zipatso ndi ndiwo zamasamba. Mu Epulo Tanzania inabwezera, kuletsa zokolola zochokera ku Malawi, ndipo ngakhale chiletso chawocho chinachotsedwa patapita masiku ochepa, amene anali ndi nthochi ndi tomato pa Songwe anataya, poti zowola sizidikira zokambirana za nduna. Kuteteza alimi ndi mafakitale athu nkoyenera, koma kulengezedwe nthawi ikadalipo, mndandanda ukhale womveka, ndipo amene katundu wake ali kale panjira apatsidwe masiku. Funsani a shadowo ngati akuvomereza zimenezi. Inuyo musanapite kukaoda chinthu chilichonse chodyedwa, fufuzani ngati chikuloledwa mwezi umenewo, komanso ngati a Malawi Bureau of Standards akufuna kuchiyeza.

Za ngongole ndinena mwachidule. Boma lili ndi thumba lobwereketsa ndalama za geni, lija ambiri amalidziwa kuti NEEF, ndipo ngongole zake zimabwezedwa, si mphatso ya phungu. Ngongole imene kubweza kumayamba katundu asanafike siyenera geni imeneyi. Ulendo woyamba muyende ndi mpamba wanuwanu kapena wa ku banki mkhonde, wochepa, woti ukatayika nyumba isagwe. Katapila musamuyandikire.

Mukafuna kupita ndi katundu m'malo mopita manja lende, nkwanzeru, chifukwa mukagulitsa uko mumapeza ndalama ya komweko osadutsa kwa osintha. Koma zokolola monga chimanga, soya ndi mpunga zimafuna laisensi ya unduna wa zamalonda, ndipo boma limatha kutseka kutumiza kunja chaka cha njala. Pamafunikanso satifiketi ya a zaulimi yosonyeza kuti mbewuzo zilibe matenda kapena tizilombo. Matumba akhale ouma bwino, oyezedwa pa sikelo inu mukuona. Mtedza wonyowa umachita nkhungu m'njira, wogula nkuukana.

Chomaliza ndi njira zamadulira. Pa boda iliyonse mudzapeza anyamata a njinga okuuzani kuti akuwolotserani katundu kuseri pamtengo wochepa, kapena kondakitala wonena kuti mungosonkha, iye athana nazo. Mukavomera, mulibe lisiti la MRA la dzina lanu. Kutsogoloku kuli malodibuloko, pa Chiweta, pa Zalewa ndi ena ongodzidzimutsa, komanso gulu la MRA lolimbana ndi kuzembetsa limayendayenda. Katundu wopanda lisiti amagwidwa, kumuwombola kwake ndi msonkho womwe uja kuphatikiza chindapusa, ndipo wa njinga uja akathawa ndi katoni mulibe kokadandaula. Kwa amayi palinso choopsa china chimene anthu sakonda kuchitchula: m'njira zakutchirezo, ngakhale pachipata penipeni, pamakhala amuna ofuna kulipidwa ndi thupi. Yendani awiriawiri kapena atatu, dutsani masana, lipirani pakauntala kapena kubanki ya pachipata, osati m'manja mwa munthu kuseri kwa ofesi. Wina akakuvutitsani, lembani dzina lake kapena nambala ya yunifolomu, mukanene kwa mkulu wa pachipatapo ndi ku bungwe la ageni.

Choncho musadikire zisankho. Sankhani mtundu umodzi kapena iwiri ya katundu imene muli nayo kale makasitomala. Yendani mumsika wa kwanuko mulembe mitengo yogulitsira. Chotsanipo thiransipoti yopita ndi yobwerera, ya katundu, pogona, chakudya, onyamula, msonkho wonse ndi mtengo weniweni wa ndalama yakunja, muonjezepo kena kake ka zosweka ndi zosagulika. Chotsalacho chikakhala chochepa kuposa chimene mungapeze popikula katundu yemweyo ku Limbe kapena kwa amaholoselo a ku Lilongwe, pikulani konkuno kaye mpamba ukule. Chikakhala chooneka, pezani mayi amene wayenda njirayo zaka zingapo, mupite naye ulendo woyamba, ndipo ndalama ya msonkho muiike pathumba lina, isakhudzidwe ngakhale mutaona katundu wokongola bwanji ku Kariakoo.