Kodi kagalimoto kosamwa mafuta kangakomenso kuyendetsa?

Pa makalata amene afika pa imelo sabata ino, imodzi yandikhudza kwambiri, chifukwa ili ndi maganizo amene akusocheretsa madalaivala ambiri. Mwini kalatayo ali ndi kagalimoto ka injini ya malita 1.3, ka magiya osintha ndi dzanja. Akuti chiyambireni kusamala mafuta amayenda ngati bilimankhwe, galimoto sikuwakomeranso, ndiye akufunsa: aike marimu akuluakulu ndi ekizozi yaphokoso kuti mtima ubwerere, kapena angovomereza kuti kusunga mafuta ndi kusangalala pa chiwongolero siziyendera limodzi?

Achimwene, zimenezo musavomereze. Marimuwonso muyambe mwawasiya kaye.

Cholakwika choyamba ndi kuganiza kuti kuyenda mwaulesi ndiye kusunga mafuta. Injini ya petulo imapuma kudzera pa kachitseko kamene kamatseguka mukaponda faya. Mukangokhudza faya pang'ono, kachitsekoko kamakhala kotseka pafupifupi konse, mapisitoni n'kumalimbana kuti akoke mpweya pa kampata kakang'ono, ngati munthu amene akuthamanga atatsina mphuno. Mphamvu ina imathera pomwepo. Injini imapindula ndi dontho lililonse pamene kachitseko katseguka ndithu koma marevu, kutanthauza liwiro limene injini ikuzungulira, ali pansi kapena pakatikati. Choncho ponyamuka pondani faya molimba mtima, theka kapena kupitirirako pang'ono, sinthani giya singano ya marevu ikafika pakati pa 2,000 ndi 2,500, fikani msanga pa liwiro limene mukufuna, kenako khazikikani mu giya yapamwamba. Amene amakwawa mphindi yathunthu mu giya yachiwiri ndi yachitatu kuti afike liwiro la makilomita 60 pa ola sapindula kanthu, amangotopetsa anzake a m'mbuyo.

Malire ake ndi awiri. Oyamba ndi kuponda mpaka pansi. Nthawi zambiri kompyuta ya injini imasakaniza magalamu 14.7 a mpweya ndi galamu imodzi ya petulo, koma mukakanikiza faya mpaka pansi imawonjezera petulo, msakanizo n'kutsikira cha m'ma 12 kapena 13, kuti mphamvu ichuluke komanso kuti mavalavu ndi ekizozi zisatenthe mopitirira. Petulo wowonjezerayo mbali ina ntchito yake ndi yongoziziritsa. Malire achiwiri ndi kukakamiza injini pa marevu otsika kwambiri. Pa chitunda, mu giya yachisanu, singano ili pansi pa 1,500, galimoto ikunjenjemera ndipo mkati mukumveka kugogoda: pamenepo simukusunga kanthu, mukupweteka injini. Tsitsani giya.

Tsopano mafuta enieni amapita kuti? Pa msewu waukulu amadyedwa ndi mphepo. Mphamvu imene mpweya umakankhira galimoto m'mbuyo siikula mofanana ndi liwiro, imakula mowirikiza: liwiro likawonjezeka kawiri, kukankhako kumawonjezeka kanayi. Kuchoka pa 100 kufika pa 120, mphepo imakulimbanani ndi mphamvu yochuluka ndi 44 pa 100 iliyonse. Nanga mwapindula chiyani? Ulendo wa makilomita 50 pa liwiro la 100 ndi mphindi 30, pa 120 ndi mphindi 25. Mphindi zisanu basi. Ndiye tinene zoona, mu kagalimoto kakang'ono pa 120 mulibe chokoma chilichonse. Injini ikukuwa, mphepo ikuliza m'magalasi, chithiraki chikadutsa kagalimoto kamagwedezeka, manja aumira pa chiwongolero. Apa mpamene mafuta amathera kwambiri, ndipo mpamenenso kagalimoto sikakoma konse. Zimandipweteka kuona anthu akusaka chisangalalo pamalo amenewa pomwe chili kwina.

Mu tauni wakuba wamkulu ndi buleki. Nthawi iliyonse mukaponda buleki, liwiro limene munaligula ndi petulo limasanduka kutentha pa madisiki, n'kupita ndi mphepo. Kuima kuchokera pa 80 kumataya mphamvu yochuluka pafupifupi kawiri poyerekeza ndi kuima kuchokera pa 60. Amene amathamangira maloboti ofiira kenako n'kuima mwadzidzidzi amalipira kawiri, pa pampu ndi kwa makaniko wosintha mapadi.

Ndiye mvetserani, chifukwa mutu wa nkhani uli apa. Kukoma kwa kagalimoto kakang'ono kuli m'kupepuka kwake. Suzuki Swift, Mazda Demio, Toyota Vitz, Honda Fit, onsewa amalemera cha m'ma tani imodzi, ena kuchepera, ena kupitirirako pang'ono. Galimoto yopepuka imamva chiwongolero msanga, imaima pafupi, ndipo pokhota siyedzamira kunja ngati zigalimoto zazitali. Luso loyendetsa galimoto yotere ndi kusunga liwiro limene muli nalo kale. Mukuyandikira pokhota: maso aponyeni patali, kumene msewu ukutulukira, osati pa boneti. Chotsani phazi pa faya nthawi ikadalipo, ngati pakufunika buleki pondani galimoto ikadali yowongoka, lowani giya yachitatu musanakhote, tembenuzani chiwongolero kamodzi mosalala osati modukizadukiza, ndipo mukaona potulukira yambani kuwonjezera faya pang'onopang'ono uku chiwongolero chikubwerera chokha m'manja. Zikatheka bwino, thupi lonse limamva. Zonsezi zimachitika pa 50 kapena 60, muli kumbali yanu ya msewu, pa liwiro loti mutha kuima mkati mwa mtunda umene maso akuona. Ndipo amene amakhota chonchi saponda buleki wambiri, sayambiranso pansi kufuna liwiro, ndiye kuti mafuta akusungika. Dalaivala waluso ndi dalaivala wosunga mafuta amachita zinthu zofanana, ndipo pamenepa sindisintha maganizo.

Kutsitsa giya nakonso kuli ndi kukoma kwake. Mwaponda kilatchi, giya ikudutsa pakati, gundani faya pang'ono kuti marevu akwere kufika pamene giya yotsikayo ikuwafuna, kenako tulutsani kilatchi. Galimoto sigwedezeka, kilatchi siperepeseka, ndipo petulo amene wapita ndi timadontho chabe.

Ndisanaiwale, pali chizolowezi choipa chochotsa giya pa mtsetse, akuti kusunga mafuta. Pa galimoto zakale za kabuleta mwina zinkathandizako. Pa galimoto ya mainjekita, tizipangizo tofayira petulo mu injini, ndi zosemphana. Mukachotsa phazi pa faya galimoto ili mu giya, marevu ali pamwamba pa 1,500 kapena cha pamenepo, kompyuta imatsekeratu mainjekita, matayala ndi amene amazunguza injini, petulo salowa ngakhale pang'ono. Mukachotsa giya, injini iyenera kumwa kuti isazime. Kuwonjezera apo katundu yense mwasenzetsa mabuleki, ndipo pa mtsetse wautali amatentha, phazi n'kuyamba kulowa pansi osagwira. Kuzimitsiratu injini ndiye kuika moyo pachiswe, chifukwa mphamvu yothandizira mabuleki imatha mukangoponda kawiri kapena katatu, chiwongolero n'kuuma.

Ena anganene kuti gulani ya tebo, kachipangizo kopopera mpweya wambiri mu injini, nkhani ithe. Injini zing'onozing'ono za tebo, monga 1.0 EcoBoost ya masilinda atatu imene Ford inatulutsa mu 2012, kapena 1.4 ya mu Swift Sport ya 2017 imene imalemera makilogalamu osakwana 1,000, zimakoka bwino kuyambira pa marevu otsika, ndipo mukamayenda modekha zimamwa pang'ono. Koma tebo ikayamba kupopa mpweya wambiri, petulo naye amalowa wambiri, ndipo injini ya 1.0 imamwa ngati ya 1.6. Simungakhale ndi zonse ziwiri pa mphindi imodzi. Zimafunanso oyilo weniweni amene buku lanena, wosinthidwa pa nthawi yake, ndipo kuziponda mwamphamvu pa marevu otsika kwambiri kungachititse petulo kuyaka nthawi isanakwane, pisitoni n'kusweka. Kwa ine injini yopanda tebo ya 1.3 kapena 1.5 yokhala ndi magiya a dzanja ndi sukulu yabwino koposa, chifukwa mumatha kuigwiritsa ntchito yonse osaphwanya lamulo la liwiro. A giyabokosi ya CVT, otomatiki yopanda magiya owerengeka, musataye mtima: imasunga mafuta bwino, koma mukaiponda mwadzidzidzi injini imangokuwa liwiro likubwera pambuyo. Ikanikizeni pang'onopang'ono, ndipo musathiremo oyilo wa otomatiki wamba, ili ndi wakewake.

Za marimu ndi ekizozi

Tinene kuti galimoto yanu inabwera ndi matayala a 175/65 R15. Mukapita ku 205/45 R17, tayala lakula m'lifupi ndi mamilimita 30, marimu nthawi zambiri ndi olemera kuposa akale, ndipo kulemera kumeneku kuli pa chinthu chozungulira, chimene injini iyenera kuchizunguza ponyamuka paliponse. Kagalimoto kamanyamuka mwaulesi, kamamwa kwambiri, ndipo popeza mbali ya tayala yafupika, dzenje lililonse limafika m'msana komanso marimu amapindika msanga. Ngati mtima wakakamira, kwerani sitepe imodzi yokha, 185/55 R16, amene msinkhu wake wonse ndi pafupifupi wofanana ndi wakale, mamilimita 610 poyerekeza ndi 608, kuti geji ya liwiro isamaname. Koma ndalama yabwino ndi yogulira matayala abwino a saizi yomwe ilipo. Matayala ambiri amabwera ndi chizindikiro cha ku Ulaya, chimene kuyambira mu 2021 chimapereka malembo A mpaka E pa kusunga mafuta, ndi A mpaka E pa kugwira msewu wonyowa. Yang'anani zonse ziwiri. Tayala losunga mafuta koma loterera mvula ikagwa musalikhudze.

Ekizozi yaphokoso pa injini ya 1.3 imawonjezera phokoso basi. Paipi ikakula mopitirira, utsi umatuluka mwaulesi pa marevu otsika, mphamvu yonyamukira n'kuchepa. Ndipo phokosolo limanyengerera phazi, mumangofuna kulimvanso. Kuchotsa katalitiki, chipangizo choyeretsa utsi mu ekizozi, ndiye ayi: nyali ya injini imayaka, utsi woipa umapita kwa anthu oyenda m'mbali mwa msewu, ndipo m'mayiko ambiri ndi mlandu. Fyuluta ya mpweya yothira oyilo nayonso ichenjereni, oyilo akachuluka amadetsa sensa yoyeza mpweya, kompyuta n'kuyamba kuwerengera molakwika.

Zoba mafuta mwakachetechete

Musanadandaule kuti galimoto yafooka, onani ngati siikudwala. Mpweya wa m'matayala yezani m'mawa matayala ali ozizira, kamodzi pa mwezi, motsatira kapepala kamene kali pa chitseko cha dalaivala. Pa timagalimoto tambiri umakhala cha m'ma 32 mpaka 35 psi. Ukachepa, tayala limatentha, limadyeka m'mphepete, chiwongolero chimalemera. Ukachuluka, limadyeka pakati ndipo siligwira bwino. Mukayenda makilomita angapo osaponda buleki kwambiri, imani, yandikizani dzanja pa marimu onse anayi osawakhudza: mbali imene yatentha kuposa zinzake ili ndi buleki yokakamira, ndipo galimoto yakhala ikudzikoka yokha. Alayimenti ikasokonekera matayala amayenda akukhulana ndi msewu, ndipo mudzaona m'mphepete mwa tayala mwadyeka ngati mano a sowo. Themositati, valavu yolamulira madzi oziziritsa injini, ikakakamira yotseguka, kapena wina akaichotsa poganiza kuti akuthandiza, injini siifika pa kutentha kwake kwa cha m'ma madigiri 90, kompyuta imaganiza kuti kukadali m'mawa n'kumapitiriza kuthira petulo wambiri. Oyilo wokhuthala wa 20W-50 mu injini yolembedwa 0W-20 kapena 5W-30 amalemetsa chilichonse chozungulira. Petulo wa okiteni yapamwamba sawonjezera mphamvu pa injini imene sinapangidwire ameneyo.

Keriyala ya padenga yopanda katundu ichotseni, buti ipepukitseni, ndipo m'mawa musaimike galimoto ikulira mphindi khumi. Lizani, dikirani theka la mphindi, nyamukani modekha mpaka singano ya kutentha itakwera. Injini yozizira imamwa kwambiri, n'chifukwa chake timaulendo ta makilomita awiri awiri timatha mafuta kuposa ulendo umodzi wautali. Eyakoni mu tauni imamveka ndithu pa injini yaing'ono, koma pa msewu waukulu ndi bwino kutseka mawindo n'kuiyatsa.

Ndiye achimwene, chitani izi. Konzani zodwalazo, gulani matayala abwino a saizi yomweyo, marimu ndi ekizozi muzisiye. Dzazani thanki mpaka pampu itadzizimitsa yokha, bwezani kauntala ya makilomita pa ziro, yendani monga ndafotokozera, pa msewu waukulu osapitirira 100, kenako dzazaninso pa pampu yomweyo. Gawani makilomita ndi malita: makilomita 480 pa malita 30 ndi makilomita 16 pa lita. Chitani chonchi matanki atatu, chifukwa thanki imodzi imatha kunamiza. Mkati mwa matanki atatuwo sankhani tsiku limodzi pa sabata, injini itatentha bwino, msewu wokhotakhota uli phee, muisiye singano ikwere mpaka 5,000 mu giya yachiwiri ndi yachitatu kangapo, ndipo nambala imene mupeze pa thanki yachitatu munditumizire.