Achemwali, tacrolimus sasiyidwa chifukwa munthu wapeza bwino

Ndawerenga funso lanu: mchimwene wanu anamuika impso ku India chaka chatha, pano ali bwinobwino mpaka wayambiranso ntchito, ndiye mukufunsa ngati angasiye tacrolimus, mankhwala oletsa thupi kukana impsoyo, kapena kumangomwa kamodzi patsiku poti ndalama zavuta. Achemwali, musayerekeze. Ine bambo a kunyumba nawonso anawaika impso, ndipo wowerengera mapilitsi m'nyumba muno ndine.

Mphamvu mukumuona nazozo zikuchokera ku mankhwala omwewo. Thupi siliiwala kuti impsoyo ndi mlendo, ngakhale itachokera kwa m'bale wa bere limodzi. N'chifukwa chake opaleshoni yoyamba kuyenda bwino, ku Boston mu 1954, inali ya mapasa ofanana, pamene thupi silinaone kusiyana. Ena tonsefe timadalira mankhwala kuti agoneke asilikali a m'thupi. Akangosiya kumwa, asilikaliwo amadzuka n'kuyamba kuukira impso, ndipo choopsa n'chakuti poyamba samva kupweteka paliponse. Creatinine, zoipa za m'magazi zimene madokotala amayeza kuti aone mmene impso ikugwirira ntchito, amangokwera mwakachetechete. Pofika poti mapazi atupa, mkodzo wachepa, nthawi zambiri zinthu zafika kale patali. Ndiye abwererenso pa makina a dialysis ku Kamuzu Central kapena ku Queens, impso imene munthu wina anadzipereka kuichotsa m'thupi mwake itapita pachabe? Ayi ndithu.

Mankhwalawa ndi ankhongono koma ndi okhwima pa mlingo. Akachepa m'magazi impso imakanidwa, akachuluka amaononga impso yomweyo, manja n'kumanjenjemera, shuga ndi BP n'kukwera. Nzodabwitsa kuti chinthu chotere anachipeza m'dothi, pafupi ndi phiri la Tsukuba ku Japan mu 1984. Tacrolimus wotchedwa Prograf amamwedwa kawiri patsiku, motalikirana maola 12. Ulipo mtundu wa kamodzi patsiku, Advagraf, koma ndi wopangidwa mwina, sikuti mungotenga Prograf n'kudumphitsa wamadzulo. Tsiku loyeza mlingo, magazi amatengedwa asanamwe wam'mawa. Ife tinalakwitsapo kamodzi, anamwa kaye ndiye n'kupita, zotsatira zinatuluka zoopsa dokotala mpaka kutiimbira foni.

Chimene ndikufuna mugwiritsitse n'chakuti kuno kwathu mankhwala ambiri wamba amadana ndi tacrolimus. Rifampicin, amene ali m'mapilitsi a TB, amamutsitsa kwambiri moti impso itha kukanidwa munthu akumwa mokhulupirika. Fluconazole, erythromycin ndi ma ARV okhala ndi ritonavir amamukweza. Manyumwa ndi juwisi wake asakhudze. Brufen ndi diclofenac wa pagolosale amapweteka impso, mutu ukawawa ndi bwino Panado. Za zitsamba ndi mabotolo ogulitsidwa m'basi oti amatsuka impso, kaya ndani wawabweretsa, akanidwe mwaulemu. Kulikonse akapita, ngakhale pa health centre ya kumudzi, mawu oyamba akhale oti ndinaikidwa impso, ndimamwa tacrolimus.

Thupi likatentha kapena akatsekula m'mimba, asadikire mawa. Kutsekula kumakweza mlingo wa mankhwalawa, komanso munthu wa chitetezo chogonekedwa malungo samuchedwera. Neti usiku uliwonse.

Za ndalamazo ndikuzimva, nafenso tinagulitsapo mbuzi. Pitani naye kwa dokotala wa impso mukanene poyera kuti simukukwanitsa. Miyezi ikamapita madokotala amatsitsa okha mlingo poyang'ana magazi, ndipo alipo tacrolimus wa makampani ena wotsikirako mtengo, bola posintha ayezedwenso. Musamadikire kuti paketi ithe ndiye muziyitanitsa, ife timayamba kusaka tikatsala ndi a mwezi wathunthu. Ngati atsala ndi a masiku ochepa, lembani pansipa lero lomwe, m'gulu muno muli anthu odziwa komwe amapezeka.