Foni Izimufunsa Mwana, Osati Kumuyankhira

Mayi wina wa ku Katete watilembera kuti mwana wawo wa Giredi 12 akumalemba homuweki yonse ndi ChatGPT, pulogalamu ya pa foni yoyankha mafunso, ndipo akufunsa ngati amulande foni.

Mayi, musamulande, koma asinthe kagwiritsidwe ntchito kake. ChatGPT, imene inatuluka mu 2022, kapena Meta AI ya pa WhatsApp, imapanga yankho polumikiza mawu amene amakonda kuyendera limodzi m'zolemba zimene inaphunzitsidwa. N'chifukwa chake ikalakwa siikayikira: bodza imalinena bwinobwino ngati zoona. Mwana wongokopera amaoneka wanzeru kunyumba, koma m'chipinda cha mayeso a Examinations Council of Zambia foni siilowa, ndipo wogwidwa nayo akhoza kutaya zotsatira zake.

Azichita chonchi. Awerenge mutu umodzi m'buku la kusukulu, mwachitsanzo photosynthesis, kenako atseke bukulo. Ailembere pulogalamuyo m'Chingerezi kuti iye ndi wa Giredi 12 ku Zambia, imufunse mafunso 10 pa mutuwo, limodzi limodzi, ndipo isaulule yankho iye asanayankhe. Yankho aziyamba walilemba ndi bolopeni m'kope, chifukwa dzanja ndilo lidzagwire ntchito pa mayeso. Akalakwa, apemphe kuti ingomuunikira pamene waphonya, ayesenso yekha. Pomaliza atsegule buku n'kufananitsa. Buku ndi foni zikasiyana, atsatire buku, funsolo apite nalo kwa aphunzitsi. Mphindi 30 patsiku n'zokwanira, ndipo kulemba mawu sikudya bandulo ngati kutumiza zithunzi.

Pali maphunziro ofunika kusamala kwambiri. Pa masamu pulogalamuyo imatha kuphonya sitepe yapakati koma n'kufika pa yankho looneka labwino, choncho mwana aziwerengera yekha mzere uliwonse. Pa Civic Education ndi History imasakaniza za Zambia ndi za mayiko ena. Pa Cinyanja ndiye musaidalire n'komwe, chifukwa chilankhulo chathu chinalembedwa pang'ono pa intaneti, moti imapeka miyambi imene agogo sanainenepo.

Malikisi amene imapereka nawonso asamunamize, imakonda kuyamikira. Ochonga mayeso amafuna mfundo zenizeni. Loweruka lililonse, mayi, foni muisunge inu, mwana alembe past paper imodzi mu nthawi yolembedwa pachikuto, ndipo Lolemba akapemphe aphunzitsi kuti amuchongere.