Matuza a mbali imodzi ya chifuwa: yankho kwa mayi a ku Chinamwali

Mayi ena a ku Chinamwali andilembera imelo kuti amuna awo, a zaka 42, atuluka timatuza todzaza madzi kumanzere kwa chifuwa, ndipo mzere wake ukutsata nthiti kulowera kumsana. Akuti malowo anayamba kuwotcha ndi kubaya matuzawo asanaoneke, anansi akunena kuti kangaude anawakodzera usiku, ndipo mayiwa akufunsa ngati angawaboole ndi singano kuti madziwo atuluke.

Mayi, singanoyo isiyeni, ndipo kangaudeyo mumukhululukire. Zimene mwafotokozazi ndi zizindikiro za mashingozi, matenda obwera ndi kachilombo komwe kaja kamayambitsa katsabola. Munthu akachira katsabola ali mwana, kachilomboko sikachoka m'thupi, koma kamabisala m'mitsempha ya pafupi ndi msana kwa zaka zambiri, ndipo chitetezo cha m'thupi chikatsika kamadzuka n'kutsata mtsempha umodzi mpaka pakhungu. N'chifukwa chake ululu umatsogola, matuza n'kubwera pambuyo, komanso matuzawo amathera pakati pa chifuwa osaolokera mbali inayo.

Chimene ndikuchiikira mtima kwambiri ndi nthawi. Mankhwala a aciclovir amathandiza bwino akayambidwa pasanathe maola 72 chitulukireni matuza, ndipo munthu wamkulu amamwa kasanu pa tsiku kwa masiku 7. Choncho bambowo apite lero lomwe ku chipatala cha Matawale kapena china chapafupi, achipatala akaone khungulo ndi maso awo n'kutsimikiza. Ngakhale masiku atatuwo atadutsa apitebe, makamaka ngati matuza atsopano akutulukabe, chifukwa ululu wa mashingozi kawirikawiri umaposa mphamvu ya Panado, ndipo kwa anthu ena umapitirira miyezi khungu litapola kale.

Kunyumba ntchito yanu ndi yochepa. Tsukani malowo pang'onopang'ono ndi madzi oyera ndi sopo, muumitse mosakhula, ndipo pakawotcha kwambiri ikanipo kansalu koyera konyowetsedwa m'madzi ozizira kapena pakani mankhwala oziziritsa khungu a calamine. Avale malaya a thonje otaya. Phulusa, mankhwala otsukira mano ndi masamba osinja musaziikepo, pakuti tuza loboola kapena lodetsedwa limachita mafinya n'kusiya chipsera. Matuza amauma n'kuchita nkhanambo pa masiku 7 mpaka 10, ndipo khungu limapola pa masabata awiri kapena anayi. Asanaume, madzi ake angapatsire katsabola munthu amene sanadwalepo, kotero malowo akhale ophimbidwa, thaulo likhale lawolawo, ndipo khanda ndi mayi woyembekezera asayandikire.

Pali nkhani imene ambiri amaizemba, koma ine ndiinena. Mashingozi amagwira kwambiri okalamba, ndipo akagwira munthu wa zaka 42, achipatala amalangiza kuyezetsa HIV. Izi sizitanthauza kuti bambowo ali nako kachilombo ka HIV, popeza matenda a shuga, khansa ndi mankhwala ena nazonso zimatsitsa chitetezo. Komabe kuyezetsa n'kwaulere m'zipatala za boma, zotsatira zimatuluka tsiku lomwelo, ndipo n'kwabwino mutapitira limodzi, osati kuwatuma okha ngati olakwa.

Anansi aja sanaphonye kwenikweni poganizira kachilombo koyenda pakhungu. M'nyengo ya dzinja kuli kachilombo kakang'ono kofiira ndi kakuda, kotchedwa Nairobi fly, kamene kamatsata kuwala kwa magetsi usiku, ndipo munthu akakatswanyira pakhungu kamasiya mzere wa matuza ngati wapsa ndi madzi otentha. Kusiyana kwake n'kwakuti pamenepo sipakhala ululu wotsogola wa masiku angapo.

Matuza amene sayenera kudikira kuti kuche ndi aja otuluka munthu atayamba mankhwala atsopano, monga Bactrim, Fansidar kapena nevirapine, n'kufalikira thupi lonse pamodzi ndi kutentha thupi, zilonda m'kamwa, maso ofiira ndi khungu losupuka. Wotereyo asamwenso mankhwalawo, ndipo afike ku chipatala chachikulu cha Zomba nthawi yomweyo atanyamula mapaketi onse a zimene wakhala akumwa. Bambo anuwo nawonso athamangire komweko ngati matuza afika kumaso kapena pamphuno, chifukwa mashingozi a pamenepo amatha kuwononga diso.