Hilux ya 2015 kapena ya 2016? Yambani mwayang'ana pansi pa boneti

Bambo, ndawerenga funso lanu lakuti mwapeza ma Hilux awiri, ina ya 2015 ndi ina ya 2016, ndipo mukudabwa kuti kusiyana kwa chaka chimodzi chokha kukukweza bwanji mtengo chonchi, pamene inu mukungofuna galimoto yonyamulira nanazi ndi nandolo kuchokera ku Chitakale ndi ku Limbuli kupita ku Limbe, komanso yotsikira ku Thekerani nthawi ya dzinja. Kusiyana kwake sikuli pa chaka. Galimoto ziwirizi zikhoza kukhala za mibadwo iwiri yosiyana, ndipo chaka cha 2015 ndi pamene pali malire.

Toyota idatulutsa Hilux yoyamba mu 1968 ku Japan, ndipo yokoka ndi matayala onse anayi idabwera mu 1979. Zakalezo tizisiye kaye. Zokukhudzani zikuyambira mu 2004, pamene mbadwo wachisanu ndi chiwiri udatuluka ku Thailand ndi dzina lakuti Vigo, kenaka mu 2005 n'kuyamba kupangidwanso ku Durban. Mbadwo umenewu udakhala zaka zoposa khumi, ndipo adaukonza maonekedwe mu 2008 ndi mu 2011, koma chimango chake sichidasinthe. Mu 2015 ku Thailand kudatuluka mbadwo wachisanu ndi chitatu wotchedwa Revo, umene udafika pamsika wa ku South Africa mu 2016. Choncho munthu akakuuzani kuti "ndi ya 2015" sanakuuzeni kanthu kwenikweni, chifukwa ikhoza kukhala Vigo yotsiriza kapena Revo yoyambirira.

Tsegulani boneti kapena chitseko cha kutsogolo, mupeze kachitsulo kapena kapepala komata ka kampani kamene kali ndi zilembo za mtundu wa galimotoyo. Mukawerenga KUN25, imeneyo ndi ya mbadwo wakale, injini ya dizilo ya 2.5, yokoka ndi matayala onse anayi. KUN26 ndi mnzake wa 3.0. Mukawerenga GUN125 ndi ya mbadwo watsopano ya 2.4, pamene GUN126 ndi ya 2.8. Nambala ya chassis nayo imaulula kwawo kwa galimoto: yoyamba ndi AHT idapangidwa ku South Africa, yoyamba ndi MR0 ndi ya ku Thailand. Ndikutsindika zimenezi chifukwa ogulitsa ena amakonda kunena kuti galimoto ndi "ya ku Japan" pofuna kuti imveke bwino, chonsecho Toyota idasiya kugulitsa Hilux pamsika wa ku Japan mu 2004 ndipo idayambiranso mu 2017, ndi zochokera ku Thailand. Komanso chaka cholembedwa pamapepala nthawi zina chimakhala chimene galimoto idalembetsedwa koyamba, osati chimene idapangidwa, ndiye tambasulani lamba wapampando mpaka kumapeto muwerenge kansalu kosokedwa pamenepo, muone ngati chaka chake chikugwirizana ndi zimene mwauzidwa.

Tsopano tibwere pa injini, chifukwa ndi pamene ndalama zanu zidzathere kapena kupulumukira. Injini za mbadwo wakale, 2KD ya 2.5 ndi 1KD ya 3.0, zija zolembedwa D-4D pambali, zimayendera lamba wa pa injini wotchedwa timing belt, amene amayenera kusinthidwa pa makilomita 150,000 alionse, ndipo pa dashboard pali kanyali kolembedwa T-BELT kokukumbutsani. Kanyali kameneka munthu akhoza kukazimitsa popanda kusintha lambayo, choncho ngati mwini wake alibe umboni wakuti adasintha, werengerani mtengo wa lamba watsopano pa ndalama zogulira. Vuto lina lodziwika pa injini zimenezi ndi timawashala ta pansi pa ma injector, tizipangizo topopera dizilo mu injini. Tikayamba kudontha, utsi umalowa mu oilo n'kupanga mwaye wolimba umene umatseka sefa yokokera oilo pansi pa injini, ndipo injini ikasowa oilo muli pa chitunda cha ku Thyolo ndi katundu wodzaza, nkhani imakhala yogula injini ina. Makaniko wodziwa ntchito akhoza kusuzumira sefayo atakhetsa oilo. Musalipire asanatero.

Injini za mbadwo watsopano, 2GD ya 2.4 ndi 1GD ya 2.8, zimayendera tcheni m'malo mwa lamba, phokoso lake ndi lochepa, ndipo zambiri zili ndi magiya asanu ndi limodzi pamene zakale zidali ndi asanu. Mphamvu nayo idakwera: 3.0 yakale ya ku South Africa inkapereka mphamvu ya 120 kW ndi mphamvu yokokera ya 343 Nm, pamene 2.8 idayamba ndi 130 kW, ndipo mu 2020 adaikweza kufika 150 kW ndi 500 Nm pa ya automatic. Yoteroyo imakwera kuchoka ku Luchenza kupita ku Thyolo ngati sinanyamule kanthu. Koma zamagetsi zidachuluka. Chogwirira chija cholowetsera 4x4 ndi dzanja adachichotsa n'kuikapo kabatani kopotoza, ndipo zina zochokera kumaiko a malamulo okhwima pa utsi zimabwera ndi sefa ya mu ekizozi yotchedwa DPF, imene imafuna ulendo wautali wothamanga kuti idziyeretse. Galimoto yongoyenda pang'onopang'ono m'minda ya tiyi ndi m'misika, yoima n'kunyamuka tsiku lonse, sefa imeneyi imaisautsa.

Pa ntchito imene mwatchula, ine ndikadatenga ya mbadwo wakale ya 2.5, ya manual, yopangidwa pakati pa 2012 ndi 2015, makamaka ngati ili ya ku South Africa ndipo mbiri ya sevisi yake ikuoneka. Chifukwa changa n'chakuti ndi injini imene amakaniko athu aizolowera, masipeya ake simuvutika kuwapeza ku Limbe, ndipo ikakuvutani muli ku Makwasa simudikira munthu wa kompyuta kuchokera m'tauni pa kanthu kalikonse. Ndalama zimene mupulumutse mugulire matayala abwino a matope ndi kukonzera masipuling'i akumbuyo, chifukwa anthufe tikamakweza nandolo timaiwala kuti pikapu imeneyi idapangidwira katundu wa pafupifupi tani imodzi. Ya 2016 ndingaivomereze ngati maulendo anu ambiri ali a pa tala, monga kupita ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndiponso ngati thumba likulola kuichitira sevisi pa nthawi yake kwa anthu okhala ndi zipangizo zoyenera.

Iliyonse mwa ziwirizi sigwirizana ndi dizilo wauve, ndipo apa ndikulankhula zimene zidandionekera. Nthawi ina mafuta atasowa ndidagula dizilo wa m'chigubu m'mbali mwa msewu, ndipo ndisanafike n'komwe ku Bvumbwe kanyali ka sefa ya mafuta kadayaka. Titamasula pansi pa sefayo, choyamba kutuluka chidali madzi, kenaka timatope tofiirira, ndipo patapita milungu ingapo ndidasinthitsa ma injector awiri. Chiyambire pamenepo ndimayenda ndi sefa yapadera kumbuyo kwa mpando.

Tsiku lokaiona, pemphani kuti asailize inu musanafike, ndipo mupite mmamawa, makamaka tsiku la chiperoni. Ikani dzanja pa injini mutsimikize kuti ndi yozizira, kenaka muimirire kumbuyo wina akuliza. Ikachedwa kulira, ikamagogoda kwambiri kapena ikamatulutsa utsi woyera wosatha msanga, pali nkhani. Kenaka gwadani ndi tochi muyang'ane chassis, makamaka pamene pamamangirira masipuling'i, mukande dothi lofiira louma lija ndi sikuludiraiva muone ngati pansi pake pali dzimbiri kapena zowotcherera. Zochokera ku United Kingdom zimavuta pamenepa chifukwa cha mchere umene amathira m'misewu nthawi yozizira. Lowetsaninso 4x4 pa msewu wafumbi mumve ngati ikugwiradi. Ngati galimotoyo sinalowe m'dziko muno, funsani kaye ku MRA za msonkho musanatumize ndalama, pakuti zaka za galimoto zimasintha kawerengedwe kake. Mukajambula kachitsulo ka zilembo kaja pa galimoto zonse ziwiri n'kutumiza pano, tidzakuuzani injini imene ili mu iliyonse.