Yankho kwa achimwene ofuna kutsegula malo a magemu pa Luchenza

Achimwene, mwafunsa kuti popeza mwapeza kachipinda ka lendi pa Luchenza ndipo mukufuna kutsegulamo malo osewerera magemu a pa TV, muyambe ndi magemu ati, ndiponso kuti ubwino ndi kuipa kwa gemu iliyonse n'kotani. Mayankho ambiri amene abwera kale akukutchulirani magemu amene akutchuka pa YouTube, koma ine ndikuona mosiyana. Gemu ikhoza kutamandidwa ku Ulaya koma n'kukhala yosathandiza m'kachipinda kanuko, chifukwa amene anaipanga ankaganizira munthu mmodzi wokhala payekha kunyumba, amene magetsi ake sazima ndipo intaneti yake sawerengera. Kwa inu, gemu yabwino ndi imene anthu awiri angasewere pa TV imodzi, imene imatha msanga kuti ena alowepo, ndiponso imene siifuna bandulo kuti iyake.

Ndalama zanu zambiri zidzachokera ku mpira, choncho m'pofunika kukhalitsa pamenepa. Gemu ya FIFA, yopangidwa ndi kampani ya EA Sports, inasintha dzina mu 2023 n'kukhala EA Sports FC mgwirizano wa kampaniyi ndi bungwe la FIFA utatha. Mphamvu yake yaikulu ndi yakuti ili ndi chilolezo chogwiritsa ntchito mayina enieni a matimu, osewera, mayunifolomu ndi mabwalo a ligi zikuluzikulu monga Premier League. Mnyamata amene waonera Arsenal ikusewera ndi Manchester United Loweruka amafuna kubwereza masewero omwewo ndi manja ake Lamulungu, ndipo FIFA imamupatsa zimenezo mosavuta. Munthu amaiphunzira tsiku limodzi, ndipo mukaika mphindi 4 pa chigawo chilichonse, masewero amatha msanga moti mzere wa odikira umayenda. Koma kufooka kwake ndi kwakuti imalemekeza liwiro kuposa nzeru. Mudzaona nokha kuti aliyense adzathamangira timu imene ili ndi Mbappé, kenaka njira yake ndi imodzi yokha: kuponya mpira kuseri kwa otchinga kumbuyo, kukanikiza batani lothamangira, n'kuwombera. Wosewera amene amakonda kupatsirana mpira modekha pakati pa bwalo nthawi zambiri amagonja kwa mwana wongodziwa kuthamangitsa, ndipo pakapita miyezi masewero onse amayamba kufanana. Chinanso n'chakuti gemu ya chaka chino siisiyana kwenikweni ndi ya chaka chatha kupatula mayina a osewera amene asintha matimu, choncho musadzipanikize kugula yatsopano chaka chilichonse.

Mbali ya FIFA imene sindikuifunira malo anu ndi yotchedwa Ultimate Team. Kumeneko munthu amalipira ndalama zenizeni kugula mapaketi a osewera osadziwa amene ali mkatimo, n'chiyembekezo chakuti mwina apezamo katswiri. Ku Belgium, bungwe loona za juga linagamula mu 2018 kuti mapaketi otere ndi juga, ndipo mu January 2019 EA inasiya kugulitsa mapointi ogulira mapaketiwo m'dzikolo. Mbali imeneyi imafunanso intaneti nthawi zonse, kotero kwa inu ndi yongotayitsa ndalama.

Mnzake wa FIFA ndi PES ya kampani ya Konami ya ku Japan, ndipo ine ndikayang'ana mpira weniweniwo, PES ndiyo ndimaiika patsogolo. Mpira wake umalemera bwino, ukagunda mwendo wa munthu umapita kumene sunayembekezeke, ndipo chigoli chimabwera chifukwa chakuti waganiza, osati chifukwa chakuti wathamanga. Ilinso ndi gawo la Master League, m'mene munthu amatenga timu yofooka n'kuikweza chaka ndi chaka. Vuto lake lakale ndi la zilolezo: kwa zaka zambiri Manchester City inkatchedwa Man Blue, Liverpool inkatchedwa Merseyside Red, ndipo makasitomala ena akangoona mayina amenewa amanena kuti gemuyo ndi yabodza. Komabe PES imalola kusintha mayina, mitundu ya mayunifolomu ndi osewera, ndipo apa pali mwayi umene ambiri sauona. Palibe iliyonse mwa magemu awiriwa imene ili ndi ligi yathu, koma munthu wodekha akhoza kukhala pansi n'kukonza Bullets, Wanderers, Silver Strikers ngakhalenso Flames mu PES, ndipo tsiku limene mudzaike Maule ndi Manoma pa TV yanu, benchi idzachepa. Chenjerani ndi eFootball, dzina limene Konami inapatsa gemuyi mu 2021. Inatuluka yosamalizika, nkhope za osewera zikupindika modabwitsa, mpaka kampaniyo inapepesa poyera. Anaikonza pambuyo pake ndipo ndi yaulere, koma inamangidwa moganizira wosewera pa intaneti, ndipo pamene inkatuluka matimu oti anthu awiri asewere popanda netiweki anali ochepa. PES 2021 ndiyo yomaliza ya mtundu wakale, ndipo ndiyo ndingakulangizeni.

Pambuyo pa mpira pamabwera magemu a ndewu, amene ubwino wake ndi wakuti nkhondo imodzi imatha m'mphindi zochepa ndipo oonerera amasangalala ngati osewera. Mortal Kombat, imene inayamba mu 1992, ndi yotchuka chifukwa cha omenyana ake awiri, Scorpion ndi Sub-Zero, ndipo kamenyedwe kake kamafuna kuloweza mabatani ndi kudziwa nthawi yotchinga. Koma nkhanza zake n'zoopsa, chifukwa wopambana amaloledwa kudula mutu kapena kung'amba thupi la mnzake, magazi ali chuchuchu. Gemu imeneyi inali imodzi mwa zimene aphungu a ku America anakambirana mu 1993, ndipo chaka chotsatira kunakhazikitsidwa bungwe la ESRB loika malire a zaka pa magemu. Mortal Kombat zatsopano ndi za anthu a zaka 18, ndipo zimaonetsa zinthuzo mooneka ngati zenizeni kuposa zakale. Pamalo pamene pakhoza kulowa mwana wa Sitandade 5, ine ndingasankhe Tekken 7, imene ilibe zodulana ziwalo ndipo kamenyedwe kake n'kozama. Chilema cha Tekken n'chodziwika kwa onse amene anaisewerapo: munthu wosadziwa kanthu akasankha Eddy Gordo n'kumangosinja mabatani a mateche, akhoza kugonjetsa amene waphunzira kwa miyezi, ndipo mkangano umayambira pomwepo.

Ambiri akutchulirani GTA, ndipo sindikutsutsa kuti ndi ntchito yaluso. San Andreas ya 2004 ndi GTA V ya 2013 zinapatsa wosewera mzinda wathunthu woti ayendemo mmene akufunira, pa galimoto, pa njinga kapena pa ndege, ndipo ndi magemu ochepa amene afikapo pamenepo. Koma pa bizinesi yanu GTA ili ndi zovuta ziwiri. Choyamba, kwenikweni ndi gemu ya munthu mmodzi ndipo ilibe polekezera, choncho kasitomala mmodzi amagwira TV ola lathunthu anzake akungoyang'ana, ndipo ambiri satsata n'komwe nkhani yake, amangoba magalimoto n'kumathawa apolisi. Mukafuna kuiika, lipiritsani potengera nthawi. Chachiwiri, muli kutukwana, uhule, mankhwala ozunguza bongo, ndipo mu GTA V muli gawo limene wosewera amazunza munthu womangidwa pa mpando. Pa bokosi lake analembapo 18 pa chifukwa chomveka, ndipo kholo limodzi likadzaona mwana wake akusewera zimenezo, nkhani idzafika kwa amfumu dzuwa lisanalowe.

Call of Duty, gemu ya nkhondo yowomberana ndi mfuti, ndi yokoma m'maso ndi m'makutu, koma zatsopano zake zimadya malo aakulu m'makina ndipo zimafuna kukopera zowonjezera zikuluzikulu pa intaneti kawirikawiri, kotero ndingaisiye. Pa magemu a magalimoto, funsani kaye ngati anthu awiri angapikisane pa TV imodzi, chifukwa Need for Speed zambiri zatsopano sizilola zimenezo, ndipo ya 2015 siyaka popanda intaneti. Crash Team Racing Nitro-Fueled imalola anthu anayi nthawi imodzi, ndipo ngakhale imaoneka yachibwana, akuluakulu akaiyamba safuna kuisiya. Minecraft ndi yabwino kwa ana chifukwa amamanga zinthu ndi kuganiza, koma nayonso ilibe polekezera, ndipo imayenera pakhomo kuposa pamalo olipiritsa.

Muzikumbukiranso kuti amene mukupikisana naye si mnzanu wa pa Chonde kapena pa Thyolo Boma, koma foni imene ili m'thumba mwa kasitomala wanu. Free Fire ya kampani ya Garena, imene inatuluka mu 2017, inafala chifukwa imayenda ngakhale pa foni yotsika mtengo ndipo nkhondo yake ya anthu 50 siitenga nthawi. PUBG Mobile, ya anthu 100, ndi yokongola kuposa Free Fire koma imafuna foni yamphamvu ndipo imatenthetsa batire. Onse awiri amafooka pa chinthu chimodzi: netiweki ikangogwedera pang'ono, munthu amawomberedwa asanamuone mdani wake, ndipo bandulo imakhala yapita. Amanyengereranso wosewera kugula zovala ndi zokongoletsa mfuti. Dream League Soccer ndiyo yochezeka pa foni popeza imaseweredwa popanda intaneti, ngakhale kuti munthu akaizolowera imakhala yophweka mopitirira. Chimene foni singapereke ndi phokoso la pa benchi, pamene wogonja amadzuka akung'ung'udza kuti padi yake (kachipangizo ka mabatani kosewerera) inali yakufa, anzake akumuseka, wina atatambasula kale dzanja kuti alandire padiyo. Anthu adzakulipirani chifukwa cha zimenezo, ngati mmene bawo la pansi pa mtengo limakokera anthu oposa awiri amene akuseweawo.

Pa nkhani ya ana, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza mu 2019 kuti kukodwa ndi magemu mpaka kusiya sukulu, ntchito ndi tulo ndi vuto la umoyo. Izi sizikutanthauza kuti aliyense wosewera ndi wodwala, koma zikukupatsani chifukwa chokwanira chokanira mwana wovala yunifolomu nthawi ya sukulu, ndi kusunga magemu a zaka 18 mpaka madzulo pamene ana apita kwawo.

Makina ake, PlayStation 4 yogwiritsidwapo kale ntchito ndiyo ikukwanirani, chifukwa PES 2021, EA Sports FC 24, Tekken 7 ndi Crash Team Racing zonse zimayenda pamenepo. PlayStation 3 ndi yotsika mtengo, koma mpira wake unalekezera pa FIFA 19 ndi PES 2018, ndipo anyamata sachedwa kudandaula kuti osewera ndi akale. Mukapita kukagula ku Limbe, musalipire musanaone makinawo akusewera kwa kanthawi, mumvetsere ngati fani yake ikulira mopitirira, ndipo muyese timitengo ta padi tonse tiwiri kuti muone ngati wosewera sakuyenda yekha musanamukhudze. Mapadi ndiwo amafa msanga, makamaka batani lothamangira, choncho sungani awiri apadera. Gulaninso kachipangizo kotetezera makina magetsi akabwera mwamphamvu, muzizimitsa ndi kuzula mapulagi kukayamba ziphaliwali za kuno kufupi ndi phiri, ndipo nyengo ya chiperoni musasiye makinawo pansi pa simenti kapena pafupi ndi zenera, chifukwa chinyezi chimawononga zamkati mwake mwakachetechete.