Ku Gold Reef City pa Khirisimasi? Yankho langa kwa Anabanda a ku Kasungu

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Kasungu, chakufupi ndi Chinkhoma. Anasayina kuti Anabanda, ndiye nanenso ndiwatchula choncho. Ndadulako malonje, koma mutu wa nkhani yawo ndi uwu:

"Mchimwene wanga amagwira ntchito ku Joni ndipo watiyitana pa Khirisimasi, ine ndi ana atatu: wazaka 14, wazaka 10 ndi chitsiriza wazaka 6. Anawa anaona Gold Reef City pa foni ya amalume awowo, moti kunyumba kuno sitikupumanso. Koma ndamva kuti nthawi imeneyi kumakhala anthu osayamba. Tipite tsiku liti kuti ndalama zathu zisathere pa mzere?"

Anabanda, mwachita bwino kufunsa, paja safunsa anadya phula. Ndiyamba ndi zomwe simukufuna kumva: mu Disembala mulibe tsiku lomwe mukapeze Gold Reef City, paki ya masewera ndi zokwera ya ku Joni ija, ili zii. Gwero lake ndi kalendala ya sukulu. Kuno kwathu teremu yoyamba imatsekera Khirisimasi ili pakhomo, n'kutsegulira kumayambiriro kwa Januwale. Ku South Africa chaka cha sukulu chimathera mu Disembala momwemo, ndipo ana sabwerera m'kalasi mpaka chapakati pa Januwale. Ndiye kuti timasabata tathu tiwiri tija timagwera m'katikati mwa holide yawo yaikulu. Onjezani apo kuti ntchito zambiri, makamaka za zomangamanga, zimatseka chapakati pa mweziwo, anthu amakhala atalandira bonasi, ndipo magulu awo osonkha ndalama otchedwa stokvel amakhala atagawana monga timachitira ndi banki m'khonde. Aliyense ali ndi nthawi, aliyense ali ndi kangachepe m'thumba, ndipo aliyense analonjeza mwana wake zomwe inu mwalonjeza anu.

Mudzamva ena akunena kuti pa Khirisimasi Joni imakhala yopanda anthu. Akunena zoona, koma theka lokha. Misewu imapepukadi chifukwa ambiri amapita kunyanja ku Durban ndi ku Cape Town, ena kwawo ku Limpopo, ku Zimbabwe, ku Mozambique ndi kuno kumudzi. Koma mzinda uja ndi waukulu. Otsalawo akadali chinamtindi, ndipo poti ku Joni kulibe nyanja, malo opita ndi ana ndi omwewo owerengeka.

Ndiye langizo langa lenileni ndi ili: ngati n'kotheka, sunthani ulendowu ukhale wa mu Ogasiti.

Taganizirani. Sukulu zathu zikatsekera teremu yachitatu kumapeto kwa Julaye, ana amakhala pakhomo mpaka Seputembala. Nthawi yomweyo ana a m'sukulu za boma ku South Africa amakhala ali m'kalasi, chifukwa holide yawo ya nyengo yozizira imakhala itatha chapakati pa Julaye. Sukulu zina za pulayiveti kumeneko zimapuma mu Ogasiti, inde, ndipo pa 9 Ogasiti ndi tchuthi cha tsiku la amayi, koma khamu lake silingafanane ndi la Disembala. Mukapita pakati pa sabata mwina mukapeza basi imodzi kapena ziwiri za ana a sukulu ovala yunifomu, basi.

Ndipo inu a ku Kasungu mukudziwa bwino kuposa ine mmene ndalama imayendera pachaka. Mu Disembala mvula yagwa, feteleza akufunika, aganyu opalira akudikira, ndipo Januwale uyo akubwera ndi fizi m'manja. Mu Ogasiti fodya wapita kale ku okushoni, soya ndi mtedza zagulitsidwa, kumunda kulibe chokukanizani kuchoka. Choipa cha Ogasiti n'chimodzi: Joni ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo m'mawa kumazizira kuposa Juni wa ku Dedza, ndi kamphepo kouma kosweketsa milomo. Tengani majuzi enieni, ndipo zokwera zonyowetsa muzisiye mpaka dzuwa litakwera. Chinanso, kunja kwa nyengo ya holide malowa satsegula masiku onse a sabata, makamaka kumayambiriro kwake, choncho amalumewo aone kalendala pa webusayiti ya malowo musanagule tikiti ya basi.

Koma ndikudziwa yankho lomwe lingabwere. Mchimwene wanu mwina amapatsidwa tchuthi mu Disembala mokha, ndipo Khirisimasi yodyera limodzi ndi abale siisinthanitsidwa ndi mzere waufupi. Ngati zili choncho, tiyeni tikonze za Disembala yemweyo.

Masiku oti muwathawe ndi awa: 16 Disembala, lomwe ndi tchuthi cha chiyanjanitso kumeneko, 26 Disembala, 1 Januwale, ndi Loweruka ndi Lamulungu lililonse. Kumbukiraninso kuti kumeneko tchuthi chikagwera pa Lamulungu, Lolemba lake anthu sapita kuntchito. Sankhani Lachiwiri, Lachitatu kapena Lachinayi. Ine ndikanakhala inu ndikanaloza masiku awiri atatu Khirisimasi isanafike, pamene anthu ali piringupiringu m'mashopu ndi m'misewu yopita kwawo, kusiyana ndi sabata ya pakati pa Khirisimasi ndi Nyuwere pomwe aliyense wakhuta, watopa ndi kukhala m'nyumba, ndipo ana ayamba kuvuta. Matikiti guliranitu pa intaneti, a tsiku lenilenilo. Amalumewo agule ndi khadi lawo la banki ya komweko, inu mudzawabwezere. Kupeza ma rand kuno masiku ano si nkhani ya tsiku limodzi, ndiye yambani msanga kufunsa ku banki kwanu.

Tsiku likasankhidwa, chotsala ndi ola lofikira, ndipo apa ndi pomwe ife Amalawi timagwa. Ndikuuzeni zanga. Chaka china ndinatenga ana a mlongo wanga kupita ku malo ena a masewera otere ku Joni komweko, sabata ya Khirisimasi. Tinadzuka bwinobwino, koma wina anati asite kaye malaya, wina anati sitingachoke osadya nsima, wina anati tidikire mnzake wa ku tchalitchi. Tinafika dzuwa lili paliwombo. Tinaima pa mzere wolowera, kenaka pa mzere wa chokwera chimodzi chomwe ana ankachilakalaka. Titatsala pang'ono kufika kutsogolo, kumwamba kunada bii, chiphaliwali ng'ani, ndipo zokwera zonse zazitali anaziimitsa. Sindingawadandaule eni malowo. Ndani angakweze mwana pa chitsulo chotalika ngati nsanja ya netiweki kunja kukung'anima? Olakwa tinali ife. Mvula ya ku Joni m'dzinja imakonda kubwera masana chakumadzulo, ndi mabingu ndi mphezi, nthawi zina ndi matalala. Kawirikawiri siikhalitsa, koma imakudyerani maola omwe munawalipira.

Choncho tsiku la ku paki mulitenge ngati tsiku lokatenga feteleza wa sabuside: pageti muzikhala mulipo asanatsegule. Ola loyamba ndi lomwe lili ndi phindu. Mukangolowa musayime pa zithunzi, musayime pa shopu ya zidole, pitani molunjika ku zokwera zikuluzikulu, chifukwa mizere yake ndi yomwe imatalika msanga. Ku Gold Reef City zotchuka ndi Tower of Terror, komwe kangolo kamakutsitsani chamutu pafupifupi mamita 50 n'kukalowa nanu m'dzenje ngati la mgodi. Anaconda, komwe mumakhala pampando wolendewera kunsi kwa njanji miyendo ili lende. Ndi Golden Loop, yomwe imakuzunguzani chamtsogolo kenaka chambuyo. Zimenezi zithe m'mawa. Zonyowetsa monga Raging River Rapids zikhale za masana kukatentha. Nkhomaliro idyani msanga, cha m'ma 11, kapena mochedwa, kuti pamene khamu lathamangira ku chakudya inu mukhale pa mzere womwe wafupika. Zoonera m'nyumba muzisungire nthawi ya mitambo.

Tsopano za chitsiriza wanuyo, ndipo apa mvetsetsani. Pa zokwera zoopsazi safunsa zaka, amayeza msinkhu, ndipo mulingo wake pa zambiri mwa izo ndi mita 1.3. Mwana wazaka 6 nthawi zambiri amakhala asanafike pamenepo. Palibe kuchonderera, palibe "abwana tangomuthandizani, tachokera kutali." Lamba ndi chitsulo chotchingira anazipanga moyeza thupi la msinkhu umenewo, ndiye wogwira ntchitoyo akakana ndiye kuti akukutetezerani mwana. Wazaka 10 uja nayenso muyezeni, ena amakhala pamalire penipeni. Mwana akauzidwa ali kunyumba kuti zake ndi izi, za akulu ndi izo, amavomera. Akauzidwa atayima ola lathunthu padzuwa, kulira kwake kumamveka mpaka ku Soweto. Zokwera za ana aang'ono zilipo zambiri ndipo mizere yake imayenda msangako. Gawanani: amalume atenge akuluakuluwo, inu mutsale ndi wamng'onoyo, mugwirizane ola ndi malo okumana. Gudumu lalikulu lozungulira lija limaoneka patali, ndi malo abwino okumanirapo.

Usiku woti mawa mukupita, mwana aliyense atchule zinthu ziwiri zomwe sangabwerere osakwera. Ziwiri zokha. Zinazo ndi basera. Mukapanda kutero mudzakhala mukuthamangira uku ndi uku, ichi chakoma ichi chakoma, ndipo mukudziwa zomwe zinamuchitikira pusi.

M'khamu lotere mwana amasowa ngati ndalama yachitsulo mumchenga. Lembani nambala ya foni ya amalume, ya ku South Africa, pa kapepala muike m'thumba la mwana aliyense, wamng'onoyo mumulembe ndi pamkono pomwe. Muwajambule m'mawa kuti mukhale ndi chithunzi cha zovala za tsikulo. Muwauze kuti akasokera asatuluke pageti, apite kwa wovala yunifomu ya pamalopo. Anthu kumeneko amayankhula Chizulu, Chisutu ndi Chingerezi, ndipo mwana wamantha Chingerezi chake cha ku sukulu chimathawa. Zipewa ndi madzi akumwa musaiwale, dzuwa la pamtunda paja limawotcha ngakhale kamphepo kakuomba.

Pali chinthu chimodzi chomwe anawo sanachione pa foni, koma ine ndikanakonda musachidumphe. Gold Reef City anaimanga pa mgodi weniweni wakale wa golide, pa dzenje nambala 14 la Crown Mines, ndipo nyumba zake anazimanga mofanizira Joni wa nthawi yomwe golide anapezeka, mu 1886. Ali ndi ulendo wotsika nawo alendo pansi kukaona mmene anthu ankagwirira ntchito. Kwa mwana wa ku Kasungu imeneyi si mbiri ya eni ake okha. M'midzi yathu ndi mabanja angati omwe alibe agogo amene anapita ku Wenela kapena ku Teba? Amuna zikwizikwi a kuno anatsika m'maenje ngati amenewo, ena anabwera ndi njinga, wayilesi ndi jekete, ena anabwera ndi chifuwa, ena anasanduka matchona osabweranso. Mu 1974 ndege yonyamula anthu a ku migodi inagwa ku Francistown ku Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Kamuzu anaimitsa kulemba anthu ntchito za kumigodiko. Mwana wanu wazaka 14 akavala chisoti chija n'kumva kuzizira ndi mdima wa pansipo, nkhani za agogo ake zidzamveka mwina. Funsani za nthawi ya ulendowu mukangolowa, chifukwa amatenga anthu m'magulu. Pafupi pomwepo palinso Apartheid Museum, yomwe inatsegulidwa mu 2001, koma imeneyo ndi yolemera mumtima ndipo imafuna tsiku lakelake. Musaiphatikize ndi tsiku la akatungwe.

Nditsirize ndi msewu, chifukwa mzere wautali kuposa yonse mu Disembala suli ku paki, uli pa Beitbridge. Basi yochokera ku Lilongwe imatulukira pa Dedza, kudutsa Tete komwe kumatentha ngati ng'anjo ya njerwa, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kudutsa Harare, kenaka Beitbridge. Malire atatu, ndipo pa alionse mumatsika ndi ana ndi mapasipoti kawiri. Ulendo wake ndi woposa tsiku lathunthu ngakhale zinthu zitayenda bwino. Khirisimasi isanafike khamu lalikulu limakhala likutuluka mu South Africa kupita kwawo, ndiye inu popita mudzakhala mukusemphana nalo. Kumayambiriro kwa Januwale limakhala likubwerera ku Joni, inu mukubwera kuno. Apo mwayi uli kumbali yanu, bola musasinthe n'kuganiza zobwerera kumudzi pa 22 kapena 23 Disembala. Mipando ya basi imatha msanga nyengo imeneyi ndipo mitengo imakwera, guliranitu yopita ndi yobwerera. Mwana aliyense akhale ndi pasipoti yakeyake, ndipo poti mukuyenda popanda bambo awo, nyamulani zikalata zawo za kubadwa ndi kalata ya bambowo yovomereza ulendowu. Mukafika musapite ku paki mawa lake. Ana apume tsiku limodzi kapena awiri, miyendo iphwe. Ngati thumba likulola, ndege yochokera pa Kamuzu International Airport kukatera pa OR Tambo imatenga maola osakwana atatu, koma anthu anayi pa Khirisimasi, mtengo wake mukhala pansi kaye musanaumve.

Muwaimbire achimwene anuwo muwafunse ngati abwana awo angawapatse masiku atatu okha mu Ogasiti. Akati zosatheka, pitani mu Disembala momwemo monga ndafotokozeramu. Koma mawa lino, musanalonjeze china chilichonse, mudutse kwa telala pa Chinkhoma pamenepo ndi ana awiri aang'onowo, abwereke tepi yake muwayeze atavula nsapato.